Kachitsulo kamene kadandidanitsa ndi alamu anga

Mwa makalata amene ndalandira mwezi uno muli ya bambo ena a ku Songani amene amapikula tomato ndi kabichi n'kumakagulitsa ku Limbe. Akuti pikapu yawo yayamba kusambira pamsewu. Kuti iyende molunjika amachita kuiweta ngati mbuzi yosazolowera chingwe, chiwongolero uku n'uku osapuma. Akaponda hampu kapena dzenje kutsogolo kumamveka gugudu. Matayala akutsogolo agula chaka chomwe chino koma m'mphepete mwake mwayamba kale kuyera. Akufunsa ngati akapopetse mpweya, akabalansitse matayala, kapena angovomereza kuti galimoto yakalamba.

Bambo a ku Songani, ndikuyankhani, koma mundilole ndidzere kaye kumaliro, chifukwa yankho lanu ndidalipeza kumeneko.

Chaka chatha mwezi wa February, mvula ili pakati, tidataya mayi wina wa m'mudzi mwathu kuno ku Malosa. Adamwalirira pachipatala cha St Luke's, ndipo mwambo woika m'manda udali kwawo kwenikweni, kumunsi kwa Domasi cha kunyanja ya Chilwa. Bokosi lidapezeredwa galimoto yake. Otsala adali amayi a kumpingo ndi achibale, anthu pafupifupi 18, ndipo maso onse adaloza pa Hilux ya alamu anga, yakale ija ya m'ma 1990 imene idanyamulapo chimanga, njerwa, mikwatibwi ndi odwala a m'dera lino osawerengeka. Alamu adali atagona kusiwa usiku wonse, choncho adandipatsa ine makiyi kuti ndikaitenge kunyumba kwawo ndibwere nayo pamsewu waukulu.

Mtunda wake sufika ndi makilomita awiri omwe, koma ndidafika thukuta lili kamukamu. Ndidayendetsa galimoto za mabungwe zaka zoposa 20 ndisanapume, ndipo manja amakumbuka zimene mutu waiwala. Chiwongolero chimazungulira pafupifupi chikhatho chonse matayala asanamve kuti ndawatuma. Mabuku a Toyota amalola kuti chiwongolero chisewere mamilimita 30 basi, kutanthauza zala ziwiri m'mphepete mwa gudumu lake. Apa zala zidali zisanu. Nditaponda buleki pang'ono potsetsereka, mphuno ya galimoto idathawira kumanzere ngati yaona mnzake.

Ndidaimika pamalo osalala n'kuitana mnyamata wina kuti akhale pampando. Ndidamuuza kuti azigwedeza chiwongolero uku n'uku mofulumira koma pang'onopang'ono, injini itazima, matayala ali pansi. Ine ndidagona chagada m'matope ndi jekete la kumaliro, n'kugwira kachitsulo kamene kamalumikiza ndodo yowongolera ndi gudumu la kumanzere. Kadali kudumpha m'dzanja langa ngati chule.

"Alamu, galimoto iyi lero sinyamula anthu."

Adandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mwati bwanji alamu? Yakhala ikuyenda chonchi chaka chathunthu. Dzana lomweli yabwera ndi matumba 15 a mpunga. Lero pamaliro ndiye mwaiona matenda?"

"Matumba a mpunga alibe ana kunyumba, alamu."

Mawu amenewo ndidawanena anthu akumva, ndipo ndikuvomera kuti sadali oyenera kunenedwa pagulu kwa munthu amene mlongo wake ndimadya nsima yake. Koma atuluka atuluka. Amayi adali atakwera kale, ena atayamba nyimbo. Kuwauza kuti atsike chidali chinthu chowawa kuposa kugona m'matope kuja. Akuluakulu ena adandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti maliro sadikira, ndiyende pang'onopang'ono basi, Mulungu atsogolera. Wina adafika ponena kuti ndikuchitira nsanje galimoto ya mlamu wanga. Ndidaika makiyi m'thumba n'kukhala chete. Patatha maola awiri kudapezeka lole ya bambo ena ogulitsa matabwa, tidasonkha za dizilo, ndipo tidafika adzukulu atatopa n'kudikira. Alamu sadandilankhule tsiku limenelo, ngakhale la mawa lake.

Tsopano tikambe za kachitsuloko. Amakaniko amakatcha tairodi endi. Amene mudasendapo mbuzi mukudziwa kuti fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umakhala m'kachikho ka fupa la m'chiuno, ndipo mwendo umatha kupita kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali koma osachoka. Tairodi endi ndi chimodzimodzi. Muli kampira kachitsulo kokhala m'kachikho, kozunguliridwa ndi girisi, ndipo pamwamba pali kamphira kotchinga fumbi ndi madzi. Pakampirapo pamachokera kamtengo kachitsulo kosongoka ngati karoti, kamene kamalowa m'bowo la mkono wa habu n'kumangidwa ndi nati. Mbali inayo ili ndi mazinga olumikizira kundodo yochokera kuchiwongolero. Mukapotoza chiwongolero, ndodo imakankha kapena kukoka, ndipo gudumu limakhota. Mfundo yobulungirayo ilipo chifukwa gudumu limakwera ndi kutsika m'mabampu nthawi yomweyo likukhota. Chitsulo chowuma gwa chikadathyoka tsiku loyamba.

Nzeru yolumikiza magudumu awiri akutsogolo ndi ndodo motere ndi yakale kuposa galimoto. Mmisiri wina wa ngolo zokokedwa ndi akavalo ku Munich, Georg Lankensperger, ndiye adaitulukira, ndipo mnzake Rudolph Ackermann adailembetsa ku England mu 1818. Mpaka lero ana a sukulu za umakaniko amaloweza dzina la wolembetsayo, la mmisiri adaliiwala. Zoterezi si za kwathu kuno kokha.

Pikapu zakale ngati ya alamu zili ndi bokosi la chiwongolero ndi ndodo yaitali yapakati, ndipo mbali iliyonse kumakhala matairodi endi awiri, lamkati ndi lakunja, olumikizidwa ndi kapaipi kosinthira utali. Palinso mkono wina umene amautcha aidila, wogwiriziza ndodo yapakati ija mbali imene kulibe bokosi. Hilux zimene zidayamba kutuluka cha mu 2005 kudza kuno, pamodzi ndi pikapu zambiri zatsopano, zili ndi raki. Pamenepo tairodi endi imakhala yakunja yokha, ndipo mfundo yamkati, imene amati raki endi, imabisala m'kamphira kamakwinya. Ndikunena izi kuti mukapita kusitolo mudziwe chimene mukufuna, chifukwa wogulitsa sadaone galimoto yanu.

Chimene chimapha tairodi endi kawirikawiri ndi kamphira kaja. Kakang'ambika, girisi amatuluka ndipo mchenga ndi madzi zimalowa. Mchenga wosakanikirana ndi girisi umasanduka chonolera, ndipo nthawi iliyonse mukakhota mumakhala mukupera kampira kanu. Ife a kuno tili ndi zonse zofunika pa ntchito yowononga imeneyi. Kuchoka pa M3 kulowa m'midzi ya m'chigwa cha Domasi ndi fumbi miyezi isanu ndi iwiri, matope miyezi isanu. Timitsinje totsika m'phiri la Malosa timadzaza timilatho ndi mchenga, ndipo chichokereni namondwe wa Freddy mu March 2023 pali njira zina zimene galimoto imachita kuwoloka m'madzi. Patala penipeni m'mphepete mudadyeka, moti ukapatukira lole gudumu la kumanzere limagwera pansi n'kukweranso ndi chigubudu. N'chifukwa chake mbali ya kumanzere ndiyo imayamba kutha pagalimoto zambiri zimene ndaziona kuno. Onjezanipo katundu woposa muyeso, amene tonse timanyamula ndipo tonse timakana.

Mpata ukayamba m'kachikhomo, gudumu limakhala ndi ufulu wosankha lokha kolowera. Ndiko kusambira mukunena kuja, bambo a ku Songani. Kutha kwa matayala kumachokeranso pomwepo. Magudumu akutsogolo amayenera kuyang'ana kutsogolo pafupifupi mofanana ndendende. Akangolekana ndi mamilimita atatu okha, pa tayala la pikapu lotalika masentimita 75, ndiye kuti pa kilomita iliyonse awiriwo akukhwekhwerezedwa cham'mbali mamita anayi. Werengani nokha maulendo anu a ku Limbe. Yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala kuchokera mkati kupita kunja, kenaka kubwerera. Mukamva kusalala popita koma kukala ngati mano a sowo pobwerera, tayalalo lakhala likukwekwesedwa.

Komabe si phokoso lililonse lakutsogolo limene ndi tairodi endi, ndipo ndaonapo anthu akugula zida zitatu asanapeze yodwala. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro lina lake lokha, monga pa 80, n'kusiya mukapitirira kapena kuchepetsa, kawirikawiri ndi matayala osabalansa kapena limu yopindika. Galimoto ikamakokera mbali imodzi nthawi zonse, yambani mwapima mpweya, kenaka muone ngati buleki ya mbali imeneyo sikugwira yokha. Kulira kwa wuuu kokula ndi liwiro ndi beringi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Kwezani gudumu ndi jeke, muligwire dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, ngati mukupeta ndi lichero loimika, n'kuligwedeza. Mpata ukamveka pamenepo, kayikirani tairodi endi, raki endi kapena aidila. Kenaka ligwireni pamwamba ndi pansi. Mpata wa pamenepo umaloza ku bolojointi kapena beringi. Ukamveka mbali zonse ziwiri, beringi ndiye woyamba kufunsidwa.

Ine ndimakhulupirira kwambiri njira ndidachita kumaliro ija, ya matayala ali pansi, chifukwa kulemera kwa galimoto kumagwira gudumu ndipo mfundo yotha imaonekera poyera. Pamafunika anthu awiri. Wina agwedeze chiwongolero, inu mugwire mfundo iliyonse payokhapayokha, chala chimodzi pakachikho china pamkono wa habu. Ziwirizo ziyenera kuyenda ngati chinthu chimodzi. Chimodzi chikayamba kuyenda chinzake n'kutsatira mochedwa, kapena mukamva kugunda m'zala, yatha imeneyo. Pagalimoto ya raki, finyani kamphira kamakwinya kaja kuti mumve mfundo yamkati. Handibuleki ikhale yokoka, giya ilowe, ndipo kumbuyo kwa matayala kukhale miyala. Musaiwale kuuza wapampandoyo kuti asakhudze kiyi.

Patatha masiku anayi, akazi anga adabwera ndi uthenga woti alamu akuti ngati ndikudziwa kwambiri ndipite ndikaikonze ndine. Kwathu kuno kumeneko ndiye kupepesa. Ndidapita ndi bokosi langa la masipanala.

Titachotsa gudumu tidapeza zimene ndimaopa. Tairodi endi yakunja ya kumanzere idali yokulungidwa ndi mphira ya chubu, yomangidwa bwino ndithu, mwaluso. Pansi pa kachikho padali zipsera za hamala. Alamu adaulula kuti miyezi ingapo m'mbuyomo adadandaulira makaniko wina wa pansi pa mtengo za phokoso, ndipo iye adati palibe chifukwa chogulira chatsopano, angokhoma kachikhoko kuti kathine. Phokoso lidasiyadi kwa milungu itatu. Litabwerera adamanga mphira ija kuti lisamveke. M'malo mwa sipiliti pini mudali msomali wopinda.

Sindikufuna kunyoza amakaniko a pansi pa mtengo. Ambiri a iwo ndiwo akuyendetsa dziko lino, ndipo amachita zimenezi chifukwa mwini galimoto wafika ndi ndalama ya sopo n'kumafuna ntchito ya galaja. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chida chilichonse chochokera kunja mtengo wake ndi wolira nawo. Koma pali zinthu zimene munthu ungapangire nzeru, ndipo pali zina zimene sungatero. Chitseko chimangidwe ndi chingwe, ekizozi imangidwe ndi waya, ndilibe nazo mawu. Kukhoma tairodi endi ndi kubisa matenda. Chitsulo chimene chadyeka sichibwerera, ndipo mlomo wa kachikho umene wamenyedwa ndi hamala ndi womwewo umene ukuletsa kampira kutuluka. Tsiku lotuluka, gudumu limenelo silimvanso chiwongolero. Limatembenukira kumene lafuna, ndipo ukaponda buleki limapinda msanga. Zikachitika ukutuluka pageti, anthu amaseka n'kukuthandiza kukankha. Zikachitika pa 70 potsetsereka cha ku Machinga, amayi 18 ali kumbuyo opanda chogwira, nkhani yake imamveka pawailesi.

Tidatuma mwana wa alamu ku Limbe ndi chida chakalecho m'jumbo, pamodzi ndi nambala ya chasisi yolembedwa papepala. Chitani chomwecho nanunso, chifukwa Hilux si imodzi. Idayamba kupangidwa mu 1968, ndipo za kuno zina zidachokera ku Durban, zina ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, zina ku Thailand, ndipo zida zake zimasiyana utali, mazinga ndi kunenepa kwa kamtengo kosongoka kaja. Za mtundu wa chida, amene angathe agule kwa dila. Amene sangathe, pali mitundu yodziwika monga 555 ya ku Japan ndi CTR ya ku Korea imene amakaniko ambiri amaikhulupirira. Vuto n'lakuti dzina likatchuka akuba amasindikiza bokosi lofanana nalo. Chatsopano chenicheni chimakhala cholimba, moti kupendeketsa kamtengo kake ndi chala chimodzi n'kovuta. Mukapeza chatsopano chogwedera ngati dzino la mwana, kapena kamphira kake kali kowuma kong'aluka, kapena mtengo wake ndi theka la wa masitolo ena onse, bwezani. Zakale zophwasula kugalimoto zangozi ndimakana. Simudziwa chimene chidagunda.

Ntchito yosintha si yaikulu, koma ili ndi ndondomeko yake. Madzulo a dzulo lake tidatsuka mazinga ndi burashi yawaya n'kuthirapo dizilo kuti dzimbiri lifewe. M'mawa tidamasula pang'ono manati a gudumu galimoto ili pansi, tidakweza ndi jeke, kenaka tidaika chipika chachikulu cha mtengo pansi pa chasisi. Jeke ndi wokwezera, si wogonera pansi pake. Njerwa zowotcha musaziyese n'komwe, zimaphwanyika osachenjeza.

Choyamba kumasula ndi loko nati kapena kalampu imene imagwira mazinga, chida chikadali chomangika kuhabu, chifukwa mukachichotsa kaye chimangozungulira m'manja. Musanapotoze kalikonse, yezani ndi tepi kuchokera pamalo okhazikika pandodo kufika pakati pa kachikho, ndipo lembani papepala. Pakani kapenti pamazinga pamene chida chakale chalekezera. Mukatero chotsani pini, masulani nati ya pakamtengo kosongoka, koma musaichotseretu. Isiyeni kumapeto kuti chida chisakudumphireni kumaso.

Apa ndi pamene anthu amatukwana. Kamtengo kosongoka kaja kamakhala katakanirira m'bowo ngati kadawotcheredwa. Amene ali ndi pula agwiritse pula. Ife tidalibe, choncho tidatenga mahamala awiri. Yaikulu tidaitsamiritsa mbali imodzi ya diso la mkono wa habu, ndipo ndi inayo tidamenya mbali inayo ya disolo, mwamphamvu, kanayi kapena kasanu. Kugunda kumeneko kumafinya bowo kwa kamphindi ndipo kamtengo kamadzilavula kokha. Mumenye m'mbali mwa diso, osati pamutu pa kamtengo, chifukwa mutu ukafutukuka sudutsanso m'bowo. Ndipo wina asabwere ndi moto wa gasi. Mkono wa habu ukawotchedwa umataya kulimba kwake, ndipo mwagula vuto loposa limene mudali nalo.

Pomasula chida pandodo, werengani kuti chazungulira kangati. Chathu chidazungulira ka 17. Pagalimoto zakale za kapaipi kosinthira, mbali imodzi mazinga ake ndi amanzere, ndiye mukaona chikuthina pamene mukuti mukumasula, musalimbane nacho, tembenuzani dzanja. Ikani chakale ndi chatsopano pambali n'pambali. Ngati utali wake uli wofanana, chiwerengero chija chikuthandizani. Ngati zasiyana ngakhale pang'ono, khulupirirani tepi.

Titachichotsa, alamu adachitenga kuti achione. Adangopendeketsa kamtengo ndi chala chachikulu n'kukoka, kampira kadatuluka m'kachikho n'kutsala m'dzanja lawo, kofiira ndi dzimbiri, kopanda ndi dontho la girisi. Adakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka adaitana akazi awo kuti atiphikire tiyi, ndipo pankhani ya kumaliro ija sadanenepo kanthu, ngakhale ine sindidaikumbutse.

Pobwezera, pukutani bowo la mkono wa habu ndi kamtengo katsopano kuti zikhale zouma. Girisi pamalo osongokawo safunika, chifukwa mphamvu yake ili pa kukanirira. Yang'anani bowolo bwino. Ngati galimoto idayenda nthawi yaitali nati ili yomasuka, bowo limakhala litakula n'kukhala ngati dzira, ndipo chida chatsopano chidzagwederanso momwemo. Zikatero mkonowo ndiwo wofunika kusintha. Nati imangidwe pa mphamvu imene buku la galimoto yanu likunena, ndipo amene ali ndi sipanala yoyezera aigwiritse ntchito. Mpata wa nati ukapanda kulunjikana ndi kabowo ka pini, thinitsani pang'ono kufikira zilunjikane. Osabweza m'mbuyo. Pini ikhale yatsopano, yopindidwa miyendo yonse iwiri. Mtengo wake sufika ndi wa mandasi ochepa, koma ndiyo imaletsa nati kuyenda. Zida zina zimabwera ndi nati ya kapulasitiki mkati m'malo mwa pini, ndipo imeneyo imamangidwa kamodzi kokha. Pomaliza mangani loko nati kapena kalampu, ndipo ngati chida chili ndi kanipo ka girisi, popani mpaka kamphira katukuke pang'ono, osati kuphulika.

Ife tidasintha onse awiri akunja. Wa kumanja udali usanafike poipa, koma kamphira kake kadali katang'ambika, ndipo zida ziwirizo zidalowa tsiku limodzi n'kuyenda misewu imodzi. Ena amati kutero n'kuwononga ndalama. Ine ndimati alayinimenti mulipira kamodzi m'malo mwa kawiri, ndipo pansi pa galimoto mugonapo kamodzi.

Alayinimentiyo musaidumphe. Ngakhale muwerenge bwanji mazinga, simungalunjike pa milimita. Kuti tingofika nayo kumakina, tidaitsitsa pansi, tidaikankha kutsogolo mamita angapo kuti ikhazikike, chiwongolero chili pakati, n'kuyeza ndi tepi mtunda wa pakati pa matayala awiriwo kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake, pa mzere umodzimodzi wa tayala ndi pa msinkhu wofanana. Miyeso iwiriyo iyenera kukhala pafupifupi yofanana. Ena amakoka chingwe kuchokera kutayala lakumbuyo, ndipo nayonso ndi njira yabwino. Koma zimenezi n'zongokufikitsani kumene kuli makina. Mukakhala mwezi mukuyendera muyeso wa chingwe, ndalama mudapulumutsayo mukaisiya kwa wogulitsa matayala.

Pali amene anganene kuti galimoto yawo ili ndi COF, ndiye ili bwino. Pepala limenelo limanena za tsiku limene galimoto idayesedwa. Silidziwa za dzenje mudagunda sabata yotsatira. Apolisi apamsewu nawo amaona zomata pagalasi, matayala ndi magetsi, sangagone pansi pa galimoto iliyonse. Kuyesa ndafotokoza kuja kumatenga mphindi zisanu, ndipo ine ndimachita nthawi iliyonse ndikasintha oyilo, komanso mvula ikangotha.

Tsono bambo a ku Songani, zizindikiro zitatu mwatchulazo, kusambira, kugunda ndi kudyeka kwa m'mphepete mwa matayala, zikabwera pamodzi ine ndimayambira pa tairodi endi. Sindingaweruze galimoto imene sindidaigwire, ndipo mwina mukapeza kuti ndi aidila, raki endi kapena mabushi. Koma musapitenso ku Limbe ndi katundu musanagone pansi pake. Pezani mnzanu mawa m'mawa, agwedeze chiwongolero, inu mugwire mfundo imodziimodzi. Mukapeza yodumpha, galimoto igone, tomato akwere ya wina ulendo umenewo. Mundilemberenso zimene mwapeza, ndipo munene chaka cha galimotoyo ndi mtundu wake, popeza m'kalata yanu simudatchule.

Hilux ya alamu ikuyenda. Mwezi wathawu idakatenga mpunga kumunsi kwa Domasi, ndipo pobwera adaima pakhomo panga n'kutsitsa ndowa imodzi osanena kuti ndi ya chiyani. Kampira kadzimbiri kaja adakaboola n'kukamangirira kumakiyi awo.